Ambulera Yomangidwa ndi Waya

Pofika pamphambano, Namaloto anayang'ananso nthawi pa foni. Kunatsala mphindi khumi ndi ziwiri. Njira yozungulira inkadya theka la ola. Yachidule inali ya mphindi zisanu ndi zitatu basi, koma inkadutsa potsukira magalimoto.

Dzina la Namaloto anamupatsa ndi amayi ake, poti ankati mwanayu akalowa m'maganizo akhoza kupsereza ngakhale madzi. Koma m'mawa umenewu maloto onse anali atathawa. M'makutu mwake munkangomveka mawu a abwana ake, mayi a shopu ya makeke kumene anayamba ntchito mwezi wathawu: "Ukadzachedwanso kamodzi, epuloniyo udzaikoloweke pamsomali. Atsikana ofuna ntchito ali mbwee."

Akanawauza bwanji kuti chomuchedwetsa n'kuzemba anyamata a potsukira magalimotopo? Atadandaulapo kunyumba, achimwene ake anangoseka. "Ntchentche imatera pamene pali chilonda, mlongo wanga. Uzivala bwino, palibe angakuyambe." N'kuti tsikulo atavala siketi yofika m'akakolo.

Anatsegula ambulera ngakhale kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe. Inali ambulera yakale ya amayi, nthiti yake imodzi yomangidwa ndi waya wofiira. Anaipendeketsa kuti ibise nkhope, n'kuyamba kuwerenga mapazi. Masiku ena ankaganiza kuti pamenepa padzaima galimoto, mudzatsika mnyamata wofatsa wovala magalasi, ndipo adzawatontholetsa onsewo ndi diso lokha. Mnyamatayo ankachedwa kubwera.

Likhweru loyamba linalira.

"Eee, anzathu kwawo mvula yayamba kale!"

"Asisi, tiuseko nawo pamenepo!"

"Alamu, osayankha bwanji? Mwavumata dzira m'kamwamo?"

Wina analozetsa paipi kumsewu. Madzi anamenya pansi, matope n'kuthovokera pa nsapato zake zoyera. Namaloto sanatembenuke. Makumi atatu ndi chimodzi, makumi atatu ndi ziwiri.

"Watsopano iwe!" anakuwa wa paipi uja. "Masiku atatu tsopano ukungopukuta matayala ngati wosalankhula. Kavundukule mphikawo tione ndiwo!"

Kunamveka phwete la kuseka, kenako mapazi othamanga kumbuyo kwa Namaloto. Athawe? Akathawa amuthamangitsa. Aime? Dzanja lathovu linagwira ambulera n'kuikoka mwamphamvu, nthiti ija n'kulira thyo!

"Iwe kamtsikana, matama a chiyani? Tingoona kankhope kokha..."

Mawuwo anathera panjira. Zala za mnyamatayo zinali pa waya wofiira, waya amene anamanga yekha mwezi wathawu atakhala pakhomo.

"Achimwene," anatero Namaloto.

Kunyumba achimwenewo ananena kuti apeza ganyu, koma sananene kuti ndi kuti. Tsopano anali ataima apo, buluku atapinda mpaka m'mawondo, kukamwa kuli yasa. Paipi inkangotayira madzi pansi.

"Aaa, ndi mlongo wako?" anafunsa wa paipi, akukanda m'mutu. "Pepani asisi, sitinadziwe. Kuyambira lero muzidutsa mwaufulu. Inu ndi athu."

Namaloto anayang'ana kumene anachokera. Pamphambano paja panali pataima mtsikana wina wa chikwama chakuda, phazi limodzi kutsogolo, lina likukana. Kaimidwe kameneko ankakadziwa bwino.

"Nanga uyo ndi mlongo wa ndani?"

Namaloto anapinda ambulera n'kuiika m'manja mwa achimwene ake.

"Munaikonza ndinu. Mukaipereke kwa amayi, mukawauzenso mmene yathyokera."

"Namaloto, tamvera kaye..."

"Chilonda changa mwachiona pati, achimwene?"

Foni inkati kwatsala mphindi zisanu ndi imodzi. Mtima unkamuuza kuti athamange, koma anakodola mtsikana uja n'kumudikira. Anadutsa limodzi phewa ndi phewa, nkhope zili poyera. Kumbuyo wina anayesa kalikhweru, n'kukasiyira pakati.

Atakhota pakona, Namaloto analiyatsa liwiro.

Anakankha chitseko cha shopu akupumira m'mwamba, fungo la makeke otentha n'kumuwomba kumaso. Abwana anayang'ana wotchi yapakhoma kwa kanthawi, kenako nsapato zamatope zija.

"Wapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Mvula imeneyi yagwa kuti?"

"Panjira yachidule, mayi."

"Ndiye mawa udzere ina."

Namaloto anatenga epuloni pamsomali. Anaivala n'kumanga mfundo.

"Ayi mayi," anatero. "Ndidzera yomweyo."