Ng'ombe Imodzi ya Overton

Foni ija inalira tili m'chigafa, tikusankha fodya wotsalira. Mwana wanga Overton anayang'ana nambala n'kukayankhira kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinasiya kusankha n'kutchera khutu. Kuno ku Hewe munthu akamabisala ndi foni nyengo yogulitsa fodya, dziwani kuti nkhani ndi ya ndalama.

Ndalama zake za fodya zinali zitalowa ku banki, ku boma la Rumphi. Ankafuna kugulira ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, chifukwa mkazi wake msana unali utatha ndi kusenza chimanga kuchokera kumunda. Atabwerako anandiuza kuti amene waimba ndi bwana wa ku banki, munthu waulemu chomene, wodziwa dzina lake ndi la kalabu yake ya fodya. Akuti akaunti itsekedwa tsiku lomwelo akapanda kutchula nambala yachinsinsi, ndipo aimbanso posachedwa.

Ndinamuuza kuti munthu amene sunamuone nkhope sumupatsa ngakhale mchere. Anangoseka.

"Amama, inu mumaopa zonse. Mlatho mumaopa, njinga yamoto mumaopa, wailesi yomwe mumaiopa."

N'zoona, ndimaopa. Ndinamupempha kuti ayambe wafunsa a Manasseh, mkulu wa mpingo amene tinayandikana nawo nyumba. Iwo anaphunzitsapo sukulu, za banki amazidziwa. Overton anakana. Kwathu kuno zimene wapeza pa fodya suuza mnzako, timaopa nsanje, ndipo woimbayo anali atamuchenjeza kuti anthu akamva amulodza. Wakuba uja ankatidziwa bwino ife a kumudzi.

Foni inaliranso, Overton n'kutchula nambala ija. Pasanapite nthawi mauthenga anayamba kulowa, onena kuti ndalama zina zatuluka. Poimba kuti afunse, foni ya bwana uja inali yothimitsa.

Overton anakhala pansi padothi. Kenaka anayamba kulalata kuti banki ndi akuba, zotsalazo akazitenga sabata yamawa, azikwirire mumphika pansi pa bedi. Apa mantha anga anachuluka. Mphika suletsa chiswe, suletsa moto, suletsa achifwamba. Ndinathamangira kwa a Manasseh n'kuwauza zonse.

Iwo sanamukalipire. Anamufotokozera kuti banki ili ndi malire a ndalama zotuluka pa tsiku, n'chifukwa chake wakubayo sanamalize, koma kukacha abweranso. Anati tinyamuke nthawi yomweyo. Tinakwera matola tonse atatu, ine nditatsinzina njira yonse.

Ku banki anatilandira mayi Emelda, a ku Ntcheu. Anandipatsa mpando, anafunsa za kunyumba, ndipo anamvetsera mpaka Overton atamaliza, osamuseka. Anatseka nambala yakale, n'kumuuza kuti asankhe yatsopano. Overton akudina nambalayo, mayiwo anayang'ana kumbali.

"Bambo, nambala imeneyi ngakhale ineyo musandiuze. Banki siimba foni kufunsa nambala yachinsinsi. Mukakayikira kanthu, bwerani tidzaonane maso ndi maso. Chitseko ichi ndi chanu."

Overton anangothokoza kuti yewo, mutu uli pansi. Mayi Emelda anatilangiza kukanena ku polisi, ndipo tinakanena, koma zimene zinapita sizinabwerenso. Zotsala zinakwana ng'ombe imodzi yokha.

Ng'ombe imodzi siikoka ngolo. A Manasseh ndiwo anati aziimanga pagoli limodzi ndi yawo, ngolo izituta kwawo ndi kwathu mosinthana. Chimanga cha chaka chino chafika pakhomo choncho, mpongozi wanga osasenza dengu ngakhale limodzi. Ndikuthokoza, komabe ndikadutsa pakhola mtima umandipweteka. Fodya ameneyu anawotcha manja a banja lonse kuyambira kunazale, ndipo theka lake anadya munthu amene sitidzamudziwa. Munthu amene tinkamubisira nkhani poopa nsanje ndi amene anatipulumutsa.

Ana anga, ine sindinapite kusukulu, koma mverani. Ndalama sungani ku banki, osati mumphika. Nambala yachinsinsi musauze munthu aliyense. Wina akakuimbirani n'kumakufulumizitsani, n'kumati musauze anzanu, ameneyo ndi wakuba. Dulani foni, funsani mnansi amene mumamukhulupirira, ndipo mupite nokha ku banki mukalankhule ndi munthu amene mukumuona nkhope.