Pasta ya ku Sandton

"Ine, amuna anzanga, thupi langa ndimaliyendetsa ngati kampani," anatero a Macdonald, uku akusisita mimba imene inali itayambadi kuphwa. "Makilo eyiti pa miyezi itatu. Koma pasta ndikudya, vinyo ndikumwa. Zimangofuna mutu basi."

Agnesi, mkazi wawo, anamva mawuwo akuyanika zovala chapatali pang'ono. Anafinya shati ya abambowo kuposa m'mene shati imafunira kufinyidwa.

Linali Loweruka masana. Akomiti a bungwe la maliro la Amalawi a ku Yeoville, ku Joni, anali atakhala pa makreti pansi pa mtengo wa mapichesi, pabwalo la nyumba imene mabanja asanu ankachitamo lendi. A Macdonald anali tcheya wa bungwelo, komanso mkulu wa alonda pamalo ena ogulitsira magalimoto. Mpando wa pulasitiki pabwalopo unali umodzi wokha, ndipo aliyense ankadziwa mwini wake.

"Kadyedwe kochepetsa thupi aka ka Banting si ka munthu wamba," anapitiriza. "Inu mukuyesa n'kungosiya nsima ndi buledi. Pasta imene ndimadya ine ilibe makabu. Imachokera ku Sandton, kwa anthu olemera."

"Makabu ndiye kabichi?" anafunsa a Elia, msungichuma.

"Kabichi! A Elia, sukulu munathawira pawindo kodi? Makabu ndi zakudya zosanduka shuga m'thupi. Kabichi ine ndinasudzulana naye mu 2009. Zaka zitatu ku Alex, kukomboni kuja, m'mawa kabichi, madzulo kabichi, mpaka mbuzi zinayamba kundipatsa moni. Tsiku limene mudzandione nditaika kabichi m'kamwa muno, ndidzavala epuloni ya mayi awa n'kutsuka mbale pampopi apo, inu nonse mukuonerera."

A Suwedi, amene ankagulitsa ndiwo zamasamba kumsika wa Yeoville, anayang'ana m'kapu yawo ya tiyi nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana Agnesi. Agnesi anayang'ana zovala.

Nkhani inayambira kukiliniki. Nesi atayeza a Macdonald anapukusa mutu n'kuwauza kuti shuga wakwera, asiye makaroni ndi mowa. Kwa a Macdonald makaroni chinali chakudya cha munthu amene wafika pa Joni n'kukhazikika, ndipo ngudu ziwiri, mabotolo akuluakulu a mowa aja, pa Lachisanu zinali ngati pensheni yolandiriratu. Anabwera kunyumba n'kulengeza kuti bola afe atakhuta. Agnesi anali ataona kale mlamu wake akudulidwa phazi chifukwa cha shuga yemweyo, ndipo sanafune kuti tcheya akhale woyamba kuyesa ngati thumba la bungwe lingafikitsedi bokosi ku Ntcheu.

Mwayi wake, iye ankaphika m'nyumba ina ku Sandton, kumene madamu ake anali pa Banting zaka zambiri. Kumeneko ndiko anaphunzira ntchito yake: kabichi kumuchotsa msana, kumudula timizere tatitali ngati zingwe za nsapato, kumuviika m'madzi owira pang'ono chabe, kumuumitsa pansalu, kumukazinga mu batala ndi adyo, kenaka pamwamba nyama yogaya, tomato ndi tchizi. Madamu ankatchula chakudyacho ndi dzina lake lonse, pasta ya kabichi. Agnesi theka la dzinalo ankalisiya pageti.

"Iyi ndi pasta ya ku Sandton, abambo. Ilibe makabu."

Tsiku loyambalo a Macdonald anatafuna atatsinzina. "Mwaona, mayi? Ufa wa ku Italy sunama."

Za mowa nazo zinayenda chimodzimodzi. Agnesi atawauza kuti a Banting amamwako vinyo wolembedwa kuti dry, pang'ono, a Macdonald anamasulira okha kuti vinyo wouma amauma asanafike m'mimba, choncho botolo lonse lilibe mlandu. Agnesi sanatsutse. Ankangothira vinyo pansi pa tambula n'kudzazitsa ndi soda, akuti ndi m'mene amamwera abwana ake. Abambowo ankamwa kachala kali m'mwamba.

Zonsezi zinaima pa mwendo umodzi: asadziwe. Agnesi ankawadziwa amuna ake. Atangomva kuti miyezi itatu akhala akudya chakudya cha ku Alex, akanabwerera ku makaroni ndi ngudu tsiku lomwelo, osati chifukwa cha njala koma ulemu.

"Mawa mukaweruka kutchalitchi nonse mubwere mudzalawe," anatero a Macdonald pomaliza msonkhano. "A Suwedi, inunso. Mayi, mwamva?"

"Ndamva, abambo."

Chakumadzulo Agnesi anapita kumsika.

"Alamu, mitu inayi lero?" anatero a Suwedi akuika kabichi m'jumbo. "Masiku onse mumatenga iwiri."

"Tili ndi alendo."

"Ndamva. Mmodzi wa alendowo ndine."

"Nyama ndagula ya halaal, a Suwedi. Mawa pakamwa panu pagwire ntchito imodzi yokha."

"Ine bodza sindinena, alamu. Komanso sindiyankha zimene sindinafunsidwe."

Lamulungu amuna anayi anakhala pansi pa mpichesi uja, aliyense mbale pamiyendo. A Elia ankalimbana ndi foloko. A Brave, mlembi wa bungwe, ananunkhiza mbale yawo n'kunena kuti fungolo likuwakumbutsa kwinakwake, koma sakukumbuka kuti ndi kuti.

"Simunafikeko ku Italy, a Brave, musadzivutitse," anatero a Macdonald. Anakweza tambula yawo ya vinyo wouma. A Suwedi anakweza ya soda yekhayekha, imene kunena zoona sinasiyane kwenikweni ndi ya tcheya.

Agnesi anaima pakhomo. Mbale zinali pafupi kutha, ndipo mtima wake unali utayamba kukhala pansi. Apo n'kuti a Macdonald atakhuta, ndipo munthu wokhuta amafuna mboni.

"A Suwedi, inu ndinu wamalonda. Auzeni anthuwa. Pasta ngati iyi, paketi imodzi ingakhale ndalama zingati?"

A Suwedi anaika foloko pansi. Anayang'ana Agnesi ngati munthu wopepesa pamaliro.

"Siigulitsidwa pa paketi, a Tcheya."

"Pa kilo?"

"Pa mutu. Mutu umodzi twente randi. Munanena nokha dzulo kuti zimangofuna mutu."

Kenaka a Brave anamenya ntchafu. "Ku Alex! Ndimati ndalimva kuti fungoli!"

A Macdonald anatola kamzere kamodzi ndi foloko n'kukayang'anitsa padzuwa. Timitsempha ta tsamba tinkaoneka bwinobwino, ngati misewu ya pa mapu. Anayang'ana mkazi wawo. Anayang'ana lamba wawo, amene anali ataboola mabowo awiri atsopano ndi msomali.

"Mukafuna makaroni ndikuphikirani, abambo," anatero Agnesi mofatsa. "Mwayi wake akomiti ali pompano. Akhoza kuyambiratu kufufuza galimoto yopita ku Ntcheu."

A Macdonald anakhosomola. "Ndinkadziwa kuyambira tsiku loyamba. Ndimafuna ndione ngati komiti ili maso."

"Ili maso, a Tcheya, ndi makutu omwe," anatero a Elia. "Epuloni."

Agnesi anamasula epuloni yake ya maluwa ofiira. Anawaveka yekha, n'kumanga kumbuyo. Zingwe zinakumana, mpaka kutsalako zopangira fundo yokongola. Miyezi itatu yapitayo sizikanaonana n'komwe.

Tcheya anagwada pampopi. A Elia anakhala pampando wa pulasitiki, akuti kuti aonere bwino. Azimayi a m'zipinda zina anatuluka mmodzimmodzi, aliyense akunamizira kuti akufuna madzi. A Macdonald anatsuka mbale ya a Brave, ya a Elia, ya a Suwedi ndi yawo, mosamala ngati munthu amene ntchitoyo anaipempha yekha.

Agnesi atabweretsa poto, iwo anasuzumiramo n'kuitchinga ndi dzanja kuti madzi asalowemo.

"Iyi isiyeni kaye, mayi. Mwatsala ka pasta."

"Ka kabichi, abambo."

"Ndati pasta. Mundisungire ka mawa kuntchito."