Hopu Wapsa pa Zitsulo

Telala wina wamkazi anasamala hopu wake zaka zitatu. Muzu wa chomera choyangachi anapatsidwa ndi mchimwene wake, amene ankagwira ntchito kofulula mowa wa m'mabotolo. Mchimweneyo anamuuza kuti maluwa ake ndi amene amawawitsa mowa, koma chomeracho sichigwirizana ndi dzuwa la masana. Mayiyo anaudzala kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa gwafa, n'kumanga zingwe za khonje kuchokera pansi mpaka kudenga. Chaka chachitatu hopu anayanga mpaka pamwamba, timaluwa tobiriwira tili lendelende.

Mwezi wotentha kwambiri, mwana wawo wamkazi anabereka, ndipo mayiyo anapita kukamuthandiza milungu iwiri.

Mwamuna wake anali wowotcherera zitsulo, ndipo zingwe zija zinkamuchititsa manyazi. Pakhomo pa mmisiri pangakhale bwanji khonje? Anazidula, n'kuimika chimango cha zitsulo, n'kuchipaka penti wakuda, n'kukulunga hopu pazitsulopo. Nthambi ya gwafa inkamutchinga pogwira ntchito, ndiye anaisadza.

Mayiyo anabwera dzuwa lili paliwombo. Asanatule n'chikwama chomwe, anazungulira kuseri. Masamba onse anali gwaa. Anagwira duwa limodzi, linangofumbutuka m'manja mwake.

Mwamunayo anatulukira akumwetulira, n'kuyamba kufotokoza kuti zitsulozo n'zolimba, zikhala zaka makumi awiri osachita dzimbiri.

"Tagwirani," anatero mayiyo.

"Ndigwire chiyani, mayi?"

"Chitsulo chanucho. Gwirani ndi dzanja lonse, ndiwerenge mpaka teni."

Bamboyo anagwira. Pa fili anali atachotsa kale dzanja, akuliuzira.

"Inu muli ndi miyendo yothawira. Nanga uyu? Milungu iwiri mwamumangirira pamoto. Ine ndinayamba ndalowapo mushedi mwanu kukakukonzerani makina?"

Bamboyo anayesa kunena kuti ankafuna kumusangalatsa. Mayiyo anayankha kuti chimene bamboyo ankafuna n'choti anthu obwera pakhomopo aziyamikira luso lake, ndipo pa zaka zitatu zonsezo sanathirirepo ngakhale kapu imodzi ya madzi. Anakatenga sizasi yake yodulira nsalu, imene sankalola munthu kuikhudza, n'kudula zouma zonse mpaka pansi.

Madzulo ake bamboyo anagwetsa chimango chija yekha. Muzu unaphukanso patapita mwezi, koma chaka chimenecho maluwa sanabwere. Kwa sabata yathunthu chipsereni hopuyo, mayiyo ankangomuyankha mwamuna wake kuti "eya" ndi "ayi". Buluku la bamboyo long'ambika pabondo linakhala pamakina osokera mpaka mvula inagwa.