Apongozi Panja pa Chitseko

Chibadwire mwana, mpongozi wanga sankagona, sankadya, ankangolira. Mwamuna wake, mwana wanga wachisamba, amagwira ntchito kutali, ndiye ndinapita naye ndekha kwa dokotala wa matenda a maganizo.

Titangolowa, mtima wanga unakana. Dokotalayo anali mayi wochepa thupi, wovala juzi, wopanda gauni loyera ngakhale chopimira pachifuwa. M'chipindamo munalibe bedi, munali mipando yofewa ndi kabokosi ka tishu basi. Masatifiketi a pakhoma ndinawayang'anitsitsa, poti masiku ano pepala aliyense akhoza kusindikiza.

"Adokotala, mtsikanayu mutu sukuyenda," ndinayamba. "Mubayeni jakisoni agone."

"Ndamva, amayi," anatero. Kenako anatembenukira kwa mpongozi wanga. "Nanga inuyo, mukufuna apongozi anu akhale, kapena tiyambe awiri?"

"Awiri," anayankha atazolika.

Ine amene ndinamulerera mwamuna, ndinapezeka ndili pabenchi panja, khanda lili m'manja. Ndinasendera pafupi ndi chitseko kuti ndimveko. Mlembi wolandira alendo anandiyang'ana, n'kukweza wailesi. Ndinadziwa kuti awa ndi amodzi.

Dokotala wanji wochiza ndi macheza? Ndipo macheza ake okamba za yani? Mwina zija ndinanena kuti mkaka wake ndi wochepa, zomwe n'zoona. Mwina akumuuza kuti andithamangitse pakhomo.

Nthawi inapita ndithu asanandiitane. Ndinapeza mpongozi maso ali psuu, koma atakhala mowongoka.

"Andilola kuti ndikuuzeni izi zokha," anatero dokotala. "Matendawa amagwira amayi ambiri akangobereka, ndipo amachizika. Si ulesi ayi. Ndawafotokozera za mankhwala amene munthu angamwe akuyamwitsa. Iwo asankha kuyamba ndi uphungu, za mankhwala tikambirananso sabata yamawa."

"Wodwala n'kumasankha yekha? Nanga sukulu yonseyo munapitiranji?"

Sanakwiye, zomwe zinandikayikitsanso.

"Kusukuluko n'komwe ndinaphunzira kufunsa. Koma ndikadaona kuti moyo wawo kapena wa mwana uli pachiswe, sindikadabisa. Nambala yanga ndawapatsa, nanunso itengeni. Pali chimodzi chimene apempha: mwanayu muzigona naye inu, muziwadzutsa pa nthawi yoyamwitsa yokha."

"Osangondiuza yekha bwanji?"

"Ndimaopa, amayi," anatero mpongozi.

Ndinavomera. Mdzukulu ndi wanga, ndikanakana bwanji?

Tikudikira basi, ndinamufunsa monong'ona. "Za ine wanenako zotani m'muja?"

"Zambiri, amayi."

"Zabwino?"

"Zina."

Anagula nthochi kwa mayi wina wa pasitejipo, n'kudya zonse osandigawira. Chiyambire kudwala ndinali ndisanamuone akudya mosakakamizidwa, choncho ndinangomusiya. Titafika kunyumba analowa kuchipinda kukagona, ine ndinatuluka kukhonde ndi foni, kuti mwana wanga amve nkhaniyi kwa ine, wina asanamufotokozere mwa njira yake.