Girisi wa Alamu

Paipi yarabala yochoka ku tabo, chopopera mpweya mu injini ya lole, kupita ku choziziritsira mpweya inavuka katatu: pa 4, pa 9 ndi pa 12 Malichi. Katatu konse inavukira pachitunda chimodzimodzi, lole itasenza tomato. Ikavuka, injini inkafooka, utsi wakuda tolo, tomato n'kumaphikika padzuwa.

Pa 13 m'mawa abwana analowa m'galaja osapereka moni.

"Ikavukanso lero, wina mwa awirinu asiya makiyi. Kaya wokonza, kaya woyendetsa, ndidzaona."

Makaniko anayang'ana woyendetsa. Woyendetsayo anali mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake, ndipo ntchitoyo anamupezera ndi iyeyo.

Makaniko anali atasintha kale kilampu yomangira paipiyo kawiri, osachotsa paipi chifukwa nthawi zonse ankaipeza alamuwo ataibwezera kale kumsewu. Tsopano anamasula zonse n'kuikoka. Inatuluka yokha, ngati sokosi. Anapisa chala m'kati. Chinatuluka chili noninoni.

Mafuta ambiri m'menemo ndiye kuti tabo yatha. Ananunkhiza, anafikisa pazala. Sanali oyilo.

"Alamu, mukamaibwezera kumsewu kuja mumatani?"

"Ndimaifewetsa kaye."

"Ndi chiyani?"

Alamuwo anakwera m'lole n'kutsika ndi kachitini ka girisi, akumwetulira.

"Rabala ameneyu ngwamakani ngati mlongo wanu. Osamunyengerera salowa."

"Ndiye mwamunyengerera mpaka wadziwa njira yotulukira."

Kumwetulira kuja kunazima.

Makaniko anapukuta paipi ndi mlomo wachitsulo wolowetsapo paipiyo mpaka nsanza yachitatu inatuluka yoyera. Anaumitsa, anakankha rabala wouma gwa mpaka zala zinachita dzanzi, n'kumanga kilampu kuseri kwa mzere wotukuka wapamlomopo, osati pamwamba pake. Nthawi inali 10:40.

Anakwera nawo. Pofika pachitunda panali pa 11:25. Alamu anatsitsa giya, tabo inayamba kuimba mluzu. Makaniko anagwira chitseko, khutu lili kumunsi, kudikira phokoso lija la phuu. Anaganiza za mlongo wake, mmene angamuyang'anire.

"Ndichepetse moto?"

"Pondani. Ngati ikuvuka, ivuke ndili pompano."

Anadutsa mtengo wouma umene anaimapo pa 9. Anadutsa mlatho wa pa 12. Pamwamba anaima, makaniko n'kukhudza kilampu. Sinasunthe.

Foni inalira. Anali abwana.

"Yakwera? Ndiye vuto linali chiyani?"

Makaniko anayang'ana alamu ake. Iwo ankayang'ana matayala.

"Munali mafuta m'paipi, bwana. Tapukuta."

"Anachokera kuti?"

"Komwe ankachokera ndatsekako."

Atadula foni anatambasula dzanja. Alamu anamupatsa kachitini kaja.