Yankho la Malume a ku Muloza

Plaxedes anafika pakhomo thukuta lili kamukamu, laputopu ataikulunga m'chitenje ngati khanda. Ankachokera nayo kufakitale ya tiyi komwe ankagwira ukalaliki, atakaitchaja pa jenereta, pakuti chaka chimenecho cha 2008 magetsi kuchigwa cha Honde, kwa anthu olankhula Chishona kuja, ankabwera tsiku lomwe afuna okha. Batire lake linali nkhalamba. Likadzaza linkapirira mphindi makumi anayi, basi.

Pansi pa mtengo wa mapeyala anthu anali atakhala kale. Bambo ake, a Jairosi, anali m'jekete ya kutchalitchi dzuwa likuswa mtengo. Mayi ake, a Joaquina, anali pamphasa. Mbali inayo kunali Tongai, mnyamata wa mtundu wa Chimanyika wofuna kumukwatira, ndi azakhali ake, Mai Shingai, amene anayenda wapansi kuchokera ku Hauna poti makombi, maminibasi akumeneko, anali atagona, mafuta kulibe.

Akwawo kwa Tongai anali okonzeka kalekale. Koma a Jairosi anakanitsitsa kwamtuwagalu: kwathu mwini mwana wamkazi ndi malume ake. Malumewo, a Marcel, mlongo wawo wa a Joaquina, ankakhala ku Muloza, kumalire a Malawi ndi Mozambiki, ndipo Plaxedes anali asanawaonepo chibadwire. Miyezi isanu ndi iwiri akudikira! Mwamwayi mchimwene wake Isaya, dalaivala wa mathiraki, anapatukira kumeneko, nkuwajambula kanema akuyankha, nkutumiza chimbale pamodzi ndi laputopuyo. Pachimbalepo analembapo kuti malume alamula: aliyense asaonere payekha. Ndiye Plaxedes mtima unali m'mwamba, chifukwa Mai Shingai anali atanena poyera kuti lero akabwerera opanda yankho, phiri la kwa a Jairosilo sadzalikweranso.

Anaika laputopu pampando, nkuyatsa. Panatulukira nkhalamba ya mutu wa mbuu, itakhala pakhonde.

"Achimwene!" anakuwa a Joaquina, manja pamutu. "Zaka makumi atatu! Mano aja apita kuti?"

A Marcel anakhosomola, nkuyamba: "Ndikupereka moni kwa alamu anga a Jairosi..." Pomwepo kabokosi koyera kanangoti balamanthu pankhope pawo penipeni, mawu nkuima.

"Ko, chii futi?" anafunsa Mai Shingai m'Chishona chawo, kutanthauza kuti kwachitikanso chiyani.

Plaxedes anawerenga. Inali pulogalamu yolondera mavairasi yomwe inabwera ndi makinawo kuchokera kusitolo, palibe anaiitana. Inkafuna kukatenga zatsopano pa intaneti. Intaneti ku Honde kuno! Ngakhale shuga weniweniyo m'sitolo munalibe.

"Ababa, kakufunsa zitatu," anatero. "Tikakonze pompano, kabwerenso nthawi ina, kapena kasadzabwerenso."

"Usadzabwerenso?" A Jairosi anatong'ola maso. "Pakhomo panga sipanamvekepo mawu amenewo. Ndiye ndiyambe lero, pamaso pa apongozi? Aziti banja lotani lopirikitsa alendo? Kauze mwaulemu kabwere nthawi ina."

"Ababa, si munthu."

"Kagogoda, kafunsa. Kauze choncho."

Plaxedes anadina. Malume anapitiriza moni wawo, ndipo abale inu, moni wake! Analonjera a Jairosi, mlongo wawo, ana mmodzimmodzi, ndi anthu ena oti anamwalira kalekale iwo osamva. Atangofika pa mvula ya chaka chatha, balamanthu, kabokosi kaja.

"Kabweranso msanga bwanji?" anadabwa a Jairosi. "Nthawi ina yake ndi imeneyi?"

Tongai anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Mai Shingai anaseka mpaka kutsokomola. Plaxedes yekha ndiye sankaseka, chifukwa pakona kachizindikiro ka batire kanali katadyeka theka, ndipo kabokosiko kakabwera makina onse ankayamba kuwefuka, chimbale nkubwerera m'mbuyo. Kanabwera kachitatu malume ali pa nkhani ya mbuzi. Kanabwera kachinayi ali pa denga la tchalitchi. Misozi inayamba kulengeza m'maso mwake. Mwamuna amene ankamukonda anali apo, yankho linali apo, ndipo pakati pawo panaima ulemu wa bambo ake.

A Joaquina anamuyang'ana mwana wawo, nkutembenukira kwa amuna awo.

"Abambo a Isaya, mlendo wokhalitsa timamutani kwathu? Timamupirikitsa?"

"Ayi."

"Nanga timatani?"

A Jairosi anakanda ndevu. "Timamuperekeza."

"Eya. Timamunyamulira katundu wake mpaka pamsewu, nkumutsanzika bwinobwino. Iwe Plaxedes, perekeza mlendo."

A Jairosi anaganiza kanthawi, nkugwedeza mutu. "Kuperekeza ndiye ulemu umenewo."

Plaxedes sanadikire kuti asinthe maganizo. Anaimitsa chimbale, nkulowa pamene pamakhala mndandanda wa mapulogalamu onse, monga ankaonera kuofesi, nkuipeza, nkudina poichotsa. Inafunsa ngati watsimikizadi.

"Kakuti chiyani?"

"Kakuti kodi tatsimikiza, Ababa."

"Kauze kayende bwino. Kapereke moni kwawo."

Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa, pang'onopang'ono ngati thirakitala yodzaza masamba pachitunda. A Jairosi anaimirira ndithu, chipewa m'manja, mpaka kamzereko kanafika kumapeto. Mai Shingai, poona mwini khomo waimirira, nawonso anaimirira, akupukuta misozi ya phwete. Batire linali litafiira.

"Pitirira kutsogolo, zambuzizo tazimva," ananong'ona Tongai.

"Mkulu sadulidwa pakamwa," anatero a Jairosi, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Malume anamaliza denga la tchalitchi, nkufotokozanso za bondo lawo. Plaxedes anagwira dzanja la mayi ake, akupemphera chamumtima kuti nkhalambayi ifike pamfundo. Kenaka a Marcel anasendera pafupi mpaka nkhope yawo inadzaza galasi lonse.

"Tsopano iwe Plaxedes, mwana wa mlongo wanga. Isaya wandiuza za mnyamata wa Chimanyikayo. Ndaganiza masiku atatu. Ine ndine ndani kuti ndikanize mwana amene sindinamutumepo ngakhale madzi akumwa? Ukwatiwe, mwanawe. Ndavomera ndi mtima wonse. Koma ubwere naye kuno, udzanditungire madzi kamodzi kokha ndisanafe."

Galasi linathima, bii.

A Joaquina anaimba nthungululu yomwe inamveka mpaka kumunda wa tiyi, othyola masamba nkuweramuka madengu ali kumsana. Mai Shingai anaponya nsapato uko, nkuyamba kuvina ndi mapazi otupa omwewo. Plaxedes anangokhala pamphasa, akuseka, misozi ili chuchuchu.

"Tongai," anatero, "ku Muloza nkutali."

"Tikafika," anayankha Tongai m'Chinyanja chake chopotoka. "Chidebe ndinyamula ndine."