Kunsi kwa Mpando wa Amayi

Mpando umene unatsitsidwa m'galimoto tsiku limenelo unkanyezimira ngati nsapato ya mkwati, ndipo Mzime atangouona, mtima wake unangoti myuu. Amayi ake atamwalira, iye sanalimbirane ndi abale ake mbale, kabati kapena makina osokera. Anangopempha chinthu chimodzi, mpando wa mikono umene malemuwo ankakhalapo pafupi ndi windo, womwenso anasiyiridwa ndi amayi awo. Koma mpando umenewo unali wakuda bii, m'mikono muli see chifukwa chogwiridwagwiridwa. Uwu unali wofiirira, wonunkha vanishi.

Anaimbira foni alamu ake, akazi a achimwene, amene ankasunga katundu yense.

"Alamu, mpandowu ndi womwe uja?"

"Aa, ndiye mukuti tasintha? Tinangoupititsa kwa kalipentala kuti auyeretse. Tikanakutumizirani chilitsiro chija, anthu akanati chiyani?"

Alamuwo ndi munthu wabwino ndithu, koma ubwino wake ndi uja wokuchapira malaya mpaka kuwang'amba. Masiku anapita mpando uli pakona, Mzime akungoulambalala. Ankawasowa amayi ake koopsa, koma ankaopa kulirira pa chinthu chimene mwina sichinawaonepo n'komwe.

Atatopa nazo, anaunyamula kupita nawo kuseri kwa msika, kusitolo ya bambo wina wogulitsa katundu wakale, amene anthu ankangomutcha a Magalasi. M'sitolomo munali matebulo osanjikizana miyendo ili m'mwamba, mawotchi oima, ndi fumbi loyetsemulitsa.

"Mukugulitsa, mayi?"

"Ayi bambo. Unali wa malemu amayi anga, iwonso anasiyiridwa ndi amayi awo. Ndikungofuna kudziwa ngati ndi wakaledi kapena ndi wongofanizira."

A Magalasi sanataye nthawi ndi kunyezimira kuja. Anaugadabuza mpandowo n'kuugoneka patebulo.

"Nkhope imanama, mayi. Mpando timaufunsa kunsi. Anthu okopera zakale amalimbikira pamwamba, kunsi amachita ulesi."

Anamuonetsa mizere ya sowo yosafanana kutalikirana kwake, n'kunena kuti makina sacheka mokhotakhota choncho, limenelo linali dzanja la munthu. Msomali munalibe ndi umodzi womwe, munali tizikhomo tamtengo tosemedwa ndi mpeni. Miyendo yakumbuyo inali yodyeka kuposa yakutsogolo chifukwa chokwekwerezedwa pansi. Kenako anagogoda kamtengo kopingasa pakati pa miyendo.

"Aka kokha ndi kachilendo. Kanabwera pambuyo pake, mtengo wakenso ndi wina."

Mzime anaseka mosayembekezera. Achimwene ndi amene anathyola koyambako ali mwana, akudumphirapo, ndipo tsiku limenelo anakwapulidwa mpaka oyandikana nawo nyumba kumva. Mpando unali womwewo.

Koma chimwemwe chake sichinakhalitse. A Magalasi anautembenuzanso mpandowo, n'kupukusa mutu akusisita pamwamba pa mikono.

"Ndi wakale, wa agogo anu ndithu. Koma amene anaupalayu anauvula zaka zake zonse."

Mzime ankadziwa chimene chinapita. Pamkono wakumanja panali kadzenje kosalala pamene amayi ankasisitapo ndi chala chachikulu akamadikira ana ochedwa kubwera. Iye anali atabwerapo mochedwa kangati, n'kuwapeza chala chikuyendabe pamenepo? Tsopano panali thyathyathya, ngati sipanadikirepo munthu.

"Sizingabwererenso, bambo?"

"Madzi akatayika saoleka, mayi. Zimene wadya sandipepala ndi fumbi basi."

Anayamba kumanga chikwama chake kuti azipita. A Magalasi anagwira mpando kuti autsitse, koma dzanja lawo litalowa kunsi kwa mkono, anaima. Anakweza magalasi awo pamphumi n'kuwerama.

"Amayi anu ankavutika podzuka?"

"Zaka zomalizazi, eya. Mawondo."

"Ndiye kalipentala wanuyu timuthokoze chifukwa cha ulesi wake. Taonani apa."

Kunsi kwa mikono yonse iwiri, chakumapeto, kumene sandipepala sanafikeko, thabwa linali lakuda bii, losalala, lolowa pang'ono m'malo mwa zala. Apa ndi pamene amayi ankakola zala n'kudzikoka, uku akukana kuti wina awagwire dzanja. "Ndisiyeni, sindinakalambe," ankatero, mawondo akulira ngati chitseko.

A Magalasi anaimika mpandowo pansi, n'kupita kukapukuta wotchi imene sinkafunika kupukuta.

Mzime anakhalapo koyamba chibwerere mpandowo. Pamwamba panali pozizira, pachilendo. Anapinda zala pang'onopang'ono mpaka kunsi, ndipo chala chilichonse chinapeza malo ake, ngati dzanja lake linachita kuyezedwa. Sanadziwepo kuti manja ake ndi ofanana ndi a amayi ake chonchi. Misozi inatsika, iye osapukuta, poti manja onse anali otanganidwa.

Anagwira zolimba ngati munthu wofuna kudzuka, koma sanadzuke.